Timitsempha ta m'Kamwa mwa Amake Kenny

Minibasi inali itayamba kale kusuntha pa siteji ya Chigumula pamene Mayi Sozinyo anaimenya kumbuyo ndi ambulera. Kondakitala anatsegula chitseko akung'ung'udza, iwo n'kulowa cham'mbali, n'kudzipanikiza pafupi ndi amake Kenny ngati malowo anachita kuwasungira.

"Mumafuna kundithawa eti?" anatero akupumira m'mwamba. "Mwana wanu Stacy wandiuza pa mpopi kuti lero ali ndi mayeso, sakuperekezani. Ndati ayi, mayi wa Mvano sangapite kuchipatala yekha ngati alibe mpingo. Gadiyani wanu ndine."

Amake Kenny anamwetulira, koma mumtima anali atamukonzera kale Stacy mawu oti akamuuze madzulo.

Tsono kuti mumvetse, Mayi Jenifer Sozinyo, amake Ulemu, sanali munthu woipa. Pamaliro amafika woyamba, paukwati amachoka womaliza. Vuto linali pakamwa. Ku Chigumula ankawatcha Wailesi, ndipo iwo eni ankadziwa dzinalo, osakwiya nalo. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itafika ku Bangwe, itanenepa kale.

Amake Kenny, dzina lawo lenileni Annette Likaka, anali mkazi wa mkulu wa mpingo. Bulauzi yawo ya Mvano inkayera kuposa ya aliyense. Atsikana akavala siketi yaifupi, owadzudzula anali iwowa. Koma pamfundo ya chitenje chawo chamkati panali kachitini kakang'ono, ndipo mu kachitinimo munali fodya wopera, uja agogo ena amafwenkha. Iwo sankafwenkha. Ankatsina pang'ono n'kuika pakati pa mlomo wam'munsi ndi nkhama, mbali ya kumanzere. Anaphunzira kwa azakhali awo ali ndi pakati pa Kenny, pomwe mseru unkawazunza, ndipo Kenny tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Zaka zonsezo palibe yemwe anawaona. Ankaika akamachapa, kapena akamapalira chimanga kuseri kwa nyumba.

Ndiye pamalo pomwe ankaika fodyapo panatuluka kachigamba koyera, kokhakhala ngati lilime la mphaka. Sikanali kupweteka, koma sikankachoka. Kuchipatala chaching'ono anawalembera kalata yoti apite m'tauni, kwa dokotala wa m'kamwa yemwe anali ndi makina oonera timitsempha ta magazi.

M'mawa wa tsikulo amake Kenny anaganiza nzeru. Anati dokotala asakaone chizindikiro chilichonse. Anatsuka m'kamwa ndi mankhwala otsukira mano, kenako mchere, kenako makala opera, n'kumalizira ndi soda wophikira therere. Anakwecha mpaka malovu anafiira. Atadziyang'ana pagalasi anakhutira. Koma kachitini sanakasiye. Anati pobwera mtima udzafuna.

"Ndiye akuti ndi chani kwenikweni?" anafunsa Mayi Sozinyo minibasi ikutsetsereka kulowera ku Limbe.

"Kachilonda chabe."

"Pati? Tandionetsani."

"Muno mu minibasi, amake Ulemu?"

"Nanga n'chiyani? Onsewa ali ndi pakamwa."

Bambo wina wa tayi yemwe anakhala kutsogolo kwawo anatembenuka kuti aone nawo. Amake Kenny anatseka milomo ngati chikwama.

Ku Limbe anatsika kuti akwere ina yopita m'tauni. Njira yawo inadutsa pafupi ndi msika, mbali ija amakhala amayi ogulitsa mankhwala azitsamba, dothi lodya ndi fodya. Amake Kenny anayang'ana kwina, n'kuyamba kuyamikira nsapato za pa kaunjika. Chodabwitsa, Mayi Sozinyo nawonso anazikonda kwambiri nsapatozo, mpaka anadutsa malo onsewo nkhope ili ku nsapato.

Chipatalacho chinali pamwamba pa sitolo ya nsalu, masitepe ake opapatiza. Anawalandira ndi namwino wina wachitsikana, dzina lake Faida, wa mpango wobiriwira kumutu. Anawakhazika pansi n'kutenga fomu.

"Zaka zanu, amayi?"

"Fifite wanu."

"Fifite firii," anatero Mayi Sozinyo. "Tinalowa Mvano chaka chimodzi, ndinaona khadi."

Faida anaseka n'kuyang'ana amake Kenny. Iwo anagwedeza mutu kuti alembe zomwezo.

"Shuga? BP?"

"BP pang'ono."

"Mowa mumamwa?"

"Ayi."

"Nanga fodya? Wosuta, wofwenkha kapena woika m'kamwa?"

Amake Kenny asanatsegule pakamwa, Mayi Sozinyo anali atawomba kale m'manja. "Iwe mwana, ukuwadziwa amene ukuwafunsawa? Amuna awo ndi a Likaka, mkulu wa mpingo. Kwawo ngakhale nkhuku siziyenda ndi tambala wachilendo. Lemba kuti ayi."

Faida analemba kuti ayi. Amake Kenny anamva kachitini kakuwakanda pa ntchafu.

Dokotala Habib anali bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Anawagoneka amake Kenny pampando wopendekeka, n'kuwaonetsa kachipangizo kooneka ngati cholembera chonenepa, kokhala ndi kanyali kobiriwira kunsonga ndi chingwe chopita pa sikirini.

"Aka ndi kakamera, mayi. Sikabaya, sikayamwa kanthu. Ndingokakhudzitsa pakhungu la m'kamwa. Khungu la mmenemu ndi lopyapyala, ndiye kuwalaku kumationetsa timitsempha ta magazi tomwe tili pansi pake. Mmene takhalira timatiuza ngati malowo ali bwino kapena ayi."

"Ndiye muona mpaka zimene anadya dzulo?" anafunsa Mayi Sozinyo, atakokera kale mpando pafupi ndi sikirini.

"Zimenezo ndi za gadiyani," anayankha dokotala.

Anayambira mlomo wam'mwamba, komwe kunalibe vuto. Pa sikirini panaoneka chinthu chofiirira, chonyezimira, kenako timizere takuda tambirimbiri, kalikonse kopindika ngati pini ya m'tsitsi. Tinali titaima bwinobwino, tofanana msinkhu, ngati ana a sukulu pa asembule. Dokotala atakulitsa chithunzi, mkati mwa timizeremo munaoneka timadontho tikuyenda motsatana.

"Awo ndi magazi anu akuyenda," anatero.

Mayi Sozinyo anagwira pachifuwa. "Amake Kenny, muli ndi msewu wa Haiwe m'kamwa. Taonani maminibasi. Koma anuwa ndi aulemu, sakupikisana."

Amake Kenny anafuna kuseka, koma kakamera kanali pamlomo. Anangotulutsa mpweya m'mphuno. Kunena zoona anachita nazo chidwi. Zaka zonsezi ankayenda ndi zinthu zokongola chonchi osadziwa.

Kenako dokotala anakoka mlomo wam'munsi, n'kupita kumanzere. Chithunzi chinasintha. Kunalibenso asembule. Timitsempha tina tinali totupa, tina topiringizana ngati mawaya a wailesi yakufa, tina tongothera panjira. Pamwamba pake panali mikwingwirima yofiira.

Dokotala anajambula zithunzi zingapo, anachotsa kakamera, n'kukhala pa kampando kake.

"Mayi, pano ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba, pakhandidwa lero lomwe. Mwatsukira chiyani?"

"Mchere," anatero amake Kenny. "Ndi makala pang'ono."

"Basi?"

"Ndi soda."

"Mumaphika therere m'kamwa?" anafunsa Mayi Sozinyo motsitsa mawu.

Dokotala anamwetulira pang'ono chabe. "Kukwechako kwatupitsa timitsempha, ndiye kwandisokonezera chithunzi. Koma pansi pa zokhandikazo pali chachiwiri, chomwe sichinayambe lero. Malo ngati awa, pakona pomwepa, nthawi zambiri ndimawaona kwa anthu amene amaikapo kanthu tsiku ndi tsiku. Pa fomu palembedwa kuti ayi, ndipo ine sinditsutsa munthu wamkulu. Ndingokuuzani mmene zilili. Ngati pali chimene mumaika, tili ndi poyambira. Musiya milungu iwiri, osakwechanso, mudzabwere tidzajambulenso. Kawirikawiri malo otere amabwerera mwakale. Koma ngati simuikapo kanthu, ndiye kuti chigambachi chabwera chokha, ndipo chotero sindichidikira. Ndidula kachidutswa lero lomwe, ndisoke, titumize kukayeza."

Faida anayang'ana amake Kenny, n'kuyang'ana Mayi Sozinyo. Anali mtsikana wanzeru. "Mwina agadiyani angadikire kaye panja?"

Apa ndi pomwe amake Kenny anaona kuti alowa m'khola. Akanati Mayi Sozinyo atuluke, madzulo Chigumula yonse ikanamva kuti dokotala anatulutsa gadiyani, ndipo inu mukudziwa matenda amene anthu amaganiza akamva kuti gadiyani anatulutsidwa. Akanati palibe chimene amaika, mpeni unali pa thireyi pomwepo, akuuona. Akananena zoona, Lachinayi ku Mvano aliyense akanakhala akuwayang'ana mlomo poimba.

Anayang'ananso pa sikirini. Dokotala anali ataika zithunzi ziwiri pamodzi, cha ana a pa asembule ndi cha mawaya. Zonse zinali zawo. Chinawakhudza n'chakuti timitsemphato sitinalakwe kanthu. Tinkangogwira ntchito yake, iwo n'kumatithira fodya m'maso kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Asatuluke," anatero.

Anakweza chitenje chapamwamba, anamasula mfundo ija, n'kuika kachitini pa thireyi, pafupi ndi mpeni. Kanalira kuti ngwe.

"Katatu pa tsiku," anatero akuyang'ana kudenga. "Kukakhala maliro, kanayi."

Dokotala anatsegula, ananunkhiza, n'kutseka. "Zikomo mayi. Mwandithandiza ntchito. Wobisa matenda maliro amamuulula, koma inu mwaulula nokha nthawi ilipo." Anauza Faida kuti akonze fomu ija. "Sindikulonjezani kuti zatha. Pakatha milungu iwiri chikapanda kusintha, tidzadulabe. Koma kachitinika katsala kuno."

Potsika masitepe Mayi Sozinyo sanalankhule. Mu minibasi yopita ku Limbe sanalankhule. Anadutsa pa Ginnery Corner, anadutsa pa Chichiri, mayi wina anakwera atavala wigi yopotoka, koma Wailesi inali zii. Amake Kenny anati mumtima, nkhaniyi akuisunga kuti ikafufume.

Atatsika ku Limbe, Mayi Sozinyo anawagwira dzanja. "Tiyeni tikhale kaye apa."

Anakhala pa khonde la sitolo ina yotseka. Mayi Sozinyo anagula chimanga chootcha chimodzi, anachithyola pakati, koma anakumbukira kuti anzawo m'kamwa ndi mokhandika, ndiye anadya mbali zonse ziwiri okha.

"Nenani zimene mukufuna kunena, amake Ulemu," anatero amake Kenny. "Ndikungopempha chimodzi. A Likaka ndikawauze ndekha. Asamve pa mpopi."

Mayi Sozinyo anapukuta manja. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako analowetsa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa kabotolo kakang'ono kamene kale kanali ka mafuta opaka pamutu ukamapweteka. Anakatsegula pang'ono. Fungo lake amake Kenny analidziwa ngati mawu a mwana wawo.

"Inu?"

"Kumanja," anatero Mayi Sozinyo akuloza tsaya. "Ine ndi kumanja."

"Kuyambira liti?"

"Bambo ake Ulemu atamwalira. Anthu atabalalika pamaliro paja nyumba inakula. Tulo osabwera. Mayi anga aang'ono a ku Milanje ndi amene anandipatsa, akuti zimakhazika mtima." Anatseka kabotolo. "Ndipo zanuzi ndinazidziwa kale. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi."

Amake Kenny anatsegula pakamwa mpaka pokhandika paja panawawa.

"Timagula kwa munthu mmodzi, Mayi Hajira a mumsikamu. Tsiku lina anandiuza kuti, mnzanu wa bulauzi yoyera uja wangochoka kumene, amakonda wosasakaniza. Ndinasuzumira, ndinaona msana wanu ukukhota pa matumba a nyemba."

"Zaka naini? Inuyo? Osauza munthu?"

"Mukuganiza kuti zinali zophweka? Nkhani yokoma ngati imeneyo? Ndinkadwala nayo. Tsiku lija munadzudzula ana a kwaya chifukwa cha chingamu, ndinachita kudziluma lilime. Koma ndikanaiyamba bwanji? Woyamba kumva akanandifunsa kuti, nanga inu kwa Mayi Hajira mumakatani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, amake Kenny. Inu munakhala pa mkhate wanga."

Amake Kenny anayamba kuseka. Anaseka atagwira mlomo, misozi ikutsika, mpaka mayi wogulitsa chimanga anafunsa ngati zili bwino.

"Ndiye pa fomu paja munayankhiranji kuti ayi?"

"Ndimakutetezani. Ndimadziwa ine kuti kakamerako ndi kamiseche kuposa ine?" Kenako nkhope yawo inasintha. Anayendetsa lilime mkati mwa tsaya. "Zija zinaoneka pa sikirini zija. Kwangaku nakonso kwayamba kukhakhala. Miyezi itatu tsopano."

"Mwauza ndani?"

"Ndikukuuzani inu."

Amake Kenny anatambasula dzanja. Mayi Sozinyo anakayang'ana kabotolo kaja nthawi yaitali ndithu, ngati munthu wotsanzikana ndi mlendo pa depoti, kenako anakapereka. Amake Kenny anakhuthulira fodyayo mu ngalande, n'kubweza kabotolo kopanda kanthu.

"Mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero.

"Ndevu zake ziti? Ine ndimazula."

Milungu iwiri imeneyo ku Chigumula kunalibe mtendere. Amake Kenny anakalipira nkhuku, anakalipira Stacy, anakalipira ndowa. A Likaka anauzidwa tsiku lomwelo pa chakudya chamadzulo. Anapempherera chakudya kachiwiri, n'kunena kuti mawa abweretsa mtedza wokazinga woti mkazi wawo azitafuna mtima ukafuna. Anabweretsadi, tsiku lililonse, m'thumba la jekete. Mayi Sozinyo mtedza unkawatupitsa m'mimba, ndiye anasankha chingamu. Lachinayi ku Mvano anthu anaona amayi awiri akuluakulu atakhala benchi imodzi, nsagwada zikuyenda ngati mbuzi pamthunzi. Ana a kwaya aja anaona nawonso, ndipo sanaiwale. Amayi ena anapita kwa Mayi Sozinyo kukafunsa chimene dokotala anapeza, poti anali gadiyani.

"Timitsempha," anayankha. "Tokongola kwambiri. Ngati Haiwe."

"Basi?"

"Basi. Mukufuna zambiri, pitani mukajambulitse tanu."

Anthu anabwerera akudandaula kuti Wailesi yatha mabatire.

Tsiku lobwereranso litakwana, anakwera minibasi ya m'mawa onse awiri. Dokotala Habib anaika kakamera pakona paja, n'kuika chithunzi chatsopano pambali pa chakale. Zokhandika zinali zitapola. Chigamba chinali chitachepa, chatsala ngati njere ya mpunga. Timitsempha tambiri tinali titaphwa n'kuyamba kuimanso m'mizere, ngakhale pakati panali tiwiri titatu topiringizikabe.

"Ana abwerera pa asembule," anatero dokotala. "Atsala ndi ochedwa awa. Lero sitidula. Koma ndikufuna ndikuoneninso pakatha mwezi, ndipo akadzakhala akadali chonchi, tidzatenga kachidutswa. Kachitini kaja musakafunefune."

"Ndili pa mtedza," anatero amake Kenny.

Anatsika pampando n'kukonza chitenje. Dokotala anayamba kuvula magolovesi, koma Faida anamupatsa ena atsopano pamodzi ndi fomu ina. Mayi Sozinyo anali atalavulira kale chingamu m'kapepala. Anavula nsapato, ngakhale palibe anawauza, n'kukwera pampando paja.

"Adokotala, ine yambirani kumanja. Pa fomupo ndanena zoona zokhazokha, kupatula zaka. Komanso ndifunse, kanyali kameneka sikathothola mano? Chifukwa mlamu wanga wina ku Ndirande..."

"Mayi," anatero dokotala, "kakamera kakalowa, pamafunika mphindi zitatu osalankhula, osagwedeza lilime. Mukalankhula timayambiranso."

"Zitatu zathunthu?"

"Zathunthu."

Mayi Sozinyo anayang'ana kuchitseko ngati akufuna kusintha maganizo. Amake Kenny anakoka mpando uja, anauika pafupi ndi sikirini, anakhala, n'kuwagwira dzanja.

"Yasamulani, amake Ulemu," anatero. "Zolankhula ndilankhula ine. Gadiyani wanu ndine."